Chipinda Chimene Chimayanjanitsa Foloko ndi Saksofoni

Munthu woyenda mumsewu wa Frith Street, m'dera la Soho mumzinda wa London, akhoza kupitirira nyumba ya nambala 47 osadziwa kuti wadutsa pakhomo la malo amodzi otchuka kwambiri pa nyimbo za jazi padziko lonse. Nyumbayo yapanikizika pakati pa zinzake ngati wokwera minibasi ya m'mawa. Chimene chimaiulula ndi chikwangwani cha magetsi cholembedwa kuti Ronnie Scott's, komanso mzere wa anthu oyembekezera kulowa dzuwa likangolowa. Msewuwo ndi waufupi koma wadzaza mbiri. Wopeka nyimbo wotchuka Mozart ali mwana anakhalako m'zaka za 1764 ndi 1765, ndipo pa nambala 22, tsidya lina la msewu, ndi pamene John Logie Baird anaonetsa anthu wailesi ya kanema koyamba mu Januwale 1926.

Ukalowa mkati, maso amayamba asokonezeka ndi mdima. Kenako umaona tinyali tofiira tambirimbiri, kalikonse pa tebulo lake, titandandalikana m'mizere yokwera ngati masitepe a pabwalo la mpira. Makoma ndi akuda, odzaza zithunzi za oimba amene anaimbapo m'menemo. Denga lili pafupi. Pansi pali kapeti, mipando ndi yofewa, yokutidwa ndi nsalu. Kutsogolo kuli nsanja yaifupi, pamene pali piyano ndi ng'oma, ndipo matebulo oyamba ayandikira kwambiri moti wodya akhoza kuwerenga pepala la nyimbo la woimba.

Mlendo angaganize kuti zonsezi ndi zokongoletsa chabe. Koma pafupifupi chilichonse m'chipindamo chili pa ntchito yothetsa mkangano umodzi. Malo odyera amafuna anthu ocheza, mbale zoyenda, operekera zakudya olowa ndi kutuluka. Malo omvera nyimbo amafuna anthu okhala chete, maso onse atayang'ana kumodzi. Kuika ziwirizi m'chipinda chimodzi kuli ngati kusunga mbuzi m'dimba la ndiwo, ndipo amene amamanga mpanda wake ndi wojambula mapulani a nyumba pamodzi ndi wokonza zamkati.

Chiyambi cha malowa sichinali chapamwamba m'pang'ono pomwe. Ronnie Scott anali woimba saksofoni, mwana wa ku East End ya London. Mu 1947 anapita ku New York, kumene anaona timalo ting'onoting'ono ta mumsewu wa 52nd Street, momwe akatswiri a jazi ankaimba pamaso penipeni pa anthu akumwa ndi kudya. Mtima wake unatsala komweko. Pa 30 Okutobala 1959, iye ndi mnzake Pete King, yemwenso ankaimba saksofoni, anatsegula malo awo m'chipinda cha pansi pa nyumba ya nambala 39 mumsewu wa Gerrard Street. Kale m'chipindamo munkapumira madalaivala a matakisi akumwa tiyi. Mpamba unali ngongole ya mapaundi 1,000 yochokera kwa bambo omupeza a Scott, ndipo poyamba analibe ngakhale chiphaso chogulitsira mowa.

N'chifukwa chiyani anasankha pansi pa nthaka? Chifukwa choyamba ndi lendi, poti chipinda chopanda mawindo sichikhala ndi ochifuna ambiri. Koma umphawi unawapatsa mwayi umene olemera amachita kuugula ndi ndalama zambiri. Chipinda chozunguliridwa ndi dothi ndi makoma ochindikala sichitulutsa phokoso kwa oyandikana nawo, ndiponso sichilowetsa phokoso la magalimoto. Mawu amatsekedwa ndi kulemera kwa chinthu. Khoma la njerwa ziwiri limatseka kuposa la njerwa imodzi, ndipo zenera la galasi ndi pamene phokoso limathawira msanga. Si mwangozi kuti malo ambiri otchuka a jazi ali pansi pa nthaka.

Chitsanzo chachikulu ndi Village Vanguard ya ku New York, imene Max Gordon anatsegula mu 1935. Munthu amatsika masitepe opapatiza n'kupezeka m'chipinda cha ngodya zitatu, chokhala anthu 123, ndipo oimba amakhala kungodya yopapatizayo. Maonekedwe amenewa anabwera chifukwa cha mmene msewu unadulira malowo, koma anathandiza kwambiri. M'chipinda chimene makoma awiri olimba ayang'anizana ndendende, mawu amakankhidwa uku ndi uku ngati mpira, n'kumamveka kunjenjemera kosasangalatsa. Makoma a Vanguard amatambasuka kuchokera pansanja, choncho mawu amafalikira kwa omvera m'malo mobwerera kwa woimba. Sonny Rollins anajambuliramo chimbale mu 1957, ndipo Bill Evans ndi John Coltrane anatero mu 1961. Womvetsera bwino chimbale cha Evans amamva matambula akugundana ndi anthu akunong'onezana kumbuyo kwa piyano.

Sayansi ya zimenezi inayamba ndi makushoni. Mu 1895, yunivesite ya Harvard inali ndi chipinda chophunzitsira ku Fogg Art Museum momwe mphunzitsi akalankhula, mawu ankalindima kwa masekondi oposa asanu, moti ophunzira sankamva kanthu. Ntchito yokonza anaipereka kwa mphunzitsi wachinyamata wa fizikisi, Wallace Clement Sabine. Iye ndi omuthandiza ankagwira ntchito usiku kunja kutachita zii. Ankanyamula makushoni a mipando kuchokera ku Sanders Theatre, n'kumawaika m'chipindamo pang'onopang'ono, akuliza chitoliro ndi kuwerenga pa wotchi nthawi imene mawu akutenga kuti azimiririke. Anapeza kuti nthawiyo imadalira zinthu ziwiri, kukula kwa chipinda ndi kuchuluka kwa zinthu zofewa zomwa mawu. Nzeru imeneyi anaigwiritsa ntchito pa Symphony Hall ya ku Boston, imene inatsegulidwa mu 1900.

Holo ya gulu lalikulu la mavayolini imafuna kuti mawu akhalitse pafupifupi masekondi awiri kuti nyimbo imveke yodzaza. Chipinda cha jazi chimafuna ochepera sekondi imodzi. Woimba ng'oma akamenya mofulumira, kumenya kulikonse kuyenera kumveka pakokha kusanafike kwina, apo ayi zonse zimasanduka phala. Aliyense amene anakhalapo m'tchalitchi cha simenti ndi malata bandi ikuimba ndi zokuzira mawu amadziwa mmene phalalo limamvekera. Choncho kapeti ya ku Ronnie Scott's, mipando yake ya nsalu, denga lake lalifupi, ngakhale matupi ndi majekete a anthu oposa 200 amene amadzaza m'menemo, zonse zikugwira ntchito imene makushoni a Sabine ankagwira.

Kumbali ya chakudya, zofewazi zili ndi phindu lina. Dokotala wa ku France, Étienne Lombard, anafotokoza mu 1911 kuti munthu akakhala paphokoso amakweza mawu mosadziwa. Tebulo limodzi likakweza, loyandikana nalo limakwezanso kuti limvane, mpaka chipinda chonse chimasanduka msika. Malesitilanti ambiri amakono amagwa m'mbuna imeneyi chifukwa chokonda matailosi, magalasi akuluakulu, konkire wosapaka ndi mipando yachitsulo. Pa chithunzi amaoneka bwino, ndipo kukolopa n'kosavuta, koma munthu amatulukamo pakhosi pakuwawa. Mukaikamo bandi, oimba nawonso amakweza masipika kuti apose anthu, anthu n'kukweza kuti apose masipika. Akatswiri a zaumoyo amati phokoso la madesibelo 85 munthu asakhalepo kupitirira maola asanu ndi atatu, ndipo likakwera ndi madesibelo atatu okha, nthawiyo imadulidwa pakati. Amene amavulala kwambiri ndi woperekera zakudya, yemwe amakhalamo usiku uliwonse.

Malo a ku Gerrard Street anachepa msanga. Panthawiyo mabungwe a oimba a ku Britain ndi ku America anali pa mkangano umene unkalepheretsa oimba a dziko lina kukaimba kwa anzawo, ndipo Pete King ndi amene anakambirana zoti azisinthana. Mu 1961 Zoot Sims wa ku America anabwera kudzaimba ku London, Tubby Hayes wa ku Britain n'kupita ku New York. Oimba a ku America ankafuna malipiro aakulu, ndipo malipiro aakulu amafuna mipando yambiri. Apa ndi pamene kamangidwe ka nyumba kamakumana ndi buku la ndalama. Mu 1965 anasamukira ku Frith Street, ndipo mu 1968 anakuza malowo potenganso nyumba yoyandikana nayo.

Chipinda chakale sanachitaye nthawi yomweyo. Chinatchedwa Old Place, ndipo mpaka lendi itatha mu 1967 chinali cha oimba achinyamata. Ena mwa amene anapezamo pogwira anali a gulu la Blue Notes la ku South Africa, monga Chris McGregor, Dudu Pukwana, Mongezi Feza, Johnny Dyani ndi Louis Moholo. Iwo anachoka kwawo mu 1964 chifukwa malamulo a tsankho sankalola gulu la akuda ndi mzungu kuimba limodzi momasuka, ndipo anafika ku London mu 1965.

Ku Frith Street, nzeru yaikulu ili pa kakhalidwe ka mipando. M'lesitilanti wamba matebulo amakhala pamalo athyathyathya, anthu atayang'anizana, theka la iwo atafulatira kutsogolo. Ku Ronnie Scott's matebulo ochepa okha ndi amene ali pansi patsogolo pa nsanja. Ena onse ali m'mizere yokwera m'mbali ndi kumbuyo, ndipo ambiri ndi mabenchi aatali okhala ndi kathebulo kopapatiza kutsogolo, kongokwana mbale, tambula ndi nyali. Anthu amakhala phewa ndi phewa, onse atayang'ana oimba. Palibe chikwangwani chimene chingatontholetse anthu kuposa kakhalidwe kameneka, chifukwa n'kovuta kukamba nkhani yaitali ndi munthu amene sukumuyang'ana kumaso. Mzere uliwonse ukakwera pang'ono kuposa wa patsogolo pake, maso amadutsa pamwamba pa mitu, ndipo mawu nawonso amafika osamezedwa ndi misana ya anthu. Woperekera zakudya amadutsa m'tinjira ta pakati pa mizere atawerama pang'ono, n'kuika mbale mwakachetechete.

Nsanja nayo anaisiya yaifupi dala. Nsanja yaitali imachititsa woimba kukhala ngati mfumu pa mpando, pamene yaifupi imamuika pakati pa anthu ngati woimba wa pabwalo. Kuyandikana kumeneku ndi kumene kwakhala kukukoka akatswiri amene akanatha kudzaza mabwalo a anthu zikwizikwi. Ella Fitzgerald anajambuliramo chimbale mu 1974, Nina Simone mu 1984, ndipo Jimi Hendrix anaimba komaliza pamaso pa anthu pansanja yomweyi pa 16 Sepitembala 1970, kutatsala masiku awiri kuti amwalire.

Nanga tinyali tofiira tija? Diso la munthu limathamangira pamene pawala kwambiri. Wokonza zamkati akafuna kuti anthu ayang'ane oimba, ayenera kuonetsetsa kuti palibe malo ena owala kuposa nsanja. Komabe wodya ayenera kuona chimene chili m'mbale yake. Kanyali kakang'ono kokhala ndi chivindikiro kamathetsa zonse ziwiri, poti kamaunikira pansi pa tebulo pokha osathobwa m'maso mwa wa tsidya lina. Makoma akuda amameza kuwala kotsala, moti denga lalifupi lija silioneka, ndipo chipinda chimaoneka chachikulu kuposa mmene chilili. Ndiponso, kunena zoona, kuwala kofiira kumakometsa nkhope ya aliyense, ndipo munthu wodziona kuti wakongola sathamangira kunyumba.

Khitchini ndiye mutu waukulu. Imafuna kukhala pafupi kuti chakudya chifike chotentha, koma ndi malo a mapoto ogundana, mafuta othetheka ndi ophika ofuulirana. Omanga amaika kanjira kokhota kapena zitseko ziwiri zotsatizana pakati pa khitchini ndi chipinda cha nyimbo, kuti china chikamatseguka china chikhale chotseka. Mpweya nawo uli ndi zake. Chipinda chopanda mawindo chodzaza anthu chimafuna makina olowetsa mpweya wabwino, koma mpweya wothamanga m'paipi yopapatiza umalira mluzu. Njira yake ndi mapaipi aakulu oyendetsa mpweya pang'onopang'ono, ndipo mapaipi aakulu amadya malo a denga limene ndi lalifupi kale. A ku Village Vanguard anagonja pa nkhondo imeneyi kalekale. Anasiya kuphika, ndipo khitchini yawo inasanduka ofesi ndi chipinda chopumira oimba. Ronnie Scott sanasiye, koma chakudya cha pamalo pake ankachinyoza yekha pa maikolofoni usiku ndi usiku, mpaka nthabwalazo zinakhala mbali ya pulogalamu.

Pali cholakwa china chimene chimachitika paliponse, kuyambira m'timasitudiyo ta m'makwalala mpaka m'malo a ndalama zambiri. Anthu amasokoneza kumwa mawu ndi kutseka mawu. Siponji, makatani kapena matireyi a mazira omata kukhoma angachepetse pang'ono kulindima mkati mwa chipinda, koma woyandikana naye amamvabe besi ikugunda pamtima ngati kale. Mawu okhuthala a besi ndi ng'oma yaikulu amayenda m'khoma ndi m'simenti momwe. Kuti atsekeke pamafunika kulemera ndi mpata. Kumene kuli ndalama amamanga chipinda mkati mwa chipinda china, chamkaticho chitakhala pa mphira kapena pa masipuling'i, osakhudzana ndi makoma akunja.

Siponji yolakwika yapha anthu. Pa 20 Febuluwale 2003, kumalo a nyimbo otchedwa The Station m'boma la Rhode Island ku America, zothetheka za moto zimene bandi inayatsa pansanja zinagwira siponji yomatidwa kukhoma pofuna kuchepetsa phokoso. Moto ndi utsi wakupha zinadzaza chipinda m'mphindi zochepa, ndipo anthu 100 anafa. Patatha zaka khumi, zomwezo zinachitikanso kumalo ena a nyimbo otchedwa Kiss, mumzinda wa Santa Maria ku Brazil, kumene kunafa anthu 242. Phunziroli linali litaperekedwa kale mu Novembala 1942 ku Cocoanut Grove ya ku Boston, malo odyera ndi kuvina okongoletsedwa ndi mitengo ya kanjedza yochita kupanga komanso nsalu zolendewera kudenga. Zokongoletsazo zitagwira moto, anthu anathamangira kukhomo lalikulu, limene linali chitseko chozungulira, ndipo chinakanirira. Zitseko zina zinali zokiya, zina zotsegukira mkati. Anafa anthu 492. Malamulo oti zitseko zothawira zizitsegukira kunja, komanso kuti chikwangwani chosonyeza potulukira chiziwala ngakhale magetsi atazima, anakhwimitsidwa pambuyo pa tsoka limenelo. M'chipinda chamdima chonga cha ku Frith Street, kuwala kobiriwira kwa pamwamba pa khomo ndi kokhako kumene wokonza zamkati saloledwa kukuchepetsa, ngakhale kukuwononge mtundu wa chipinda chake.

Malo a Ronnie Scott's anatsala pang'ono kutsekedwa ndi ngongole kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, koma anapulumuka. Ronnie Scott anamwalira mu Disembala 1996. Pete King anapitiriza yekha mpaka mu 2005, pamene anagulitsa kwa Sally Greene, mayi woyendetsa nyumba za zisudzo. Chaka chotsatira anatseka kwa miyezi ingapo kuti akonze mkati, ndipo ntchitoyo anaipereka kwa Jacques Garcia, katswiri wa ku Paris amene anatchuka ndi Hôtel Costes. Okonda malowa anada nkhawa, ndipo atatsegulanso ena anadandaula kuti mitengo yakwera komanso kuti kuthimbirira kumene ankakukonda kwapita. Madandaulowo anali ndi mfundo yake, chifukwa malo a jazi akayera kwambiri amayamba kufanana ndi chipinda cholandirira alendo cha hotela. Komabe Garcia anadziwa pamene sayenera kukhudza. Mizere yokwera, nsanja yaifupi, zithunzi ndi tinyali tofiira zinatsala. Chimene chinasintha maonekedwe a chipindacho kuposa iye chinali lamulo loletsa kusuta fodya m'malo a anthu ambiri ku England, limene linayamba pa 1 Julayi 2007. Utsi umene unkaoneka m'kuwala kwa nyali pa zithunzi zonse zakale za jazi unatha usiku umodzi.

Vuto la masiku ano likuchokera kunja kwa makoma. Madera a pakati pa mizinda amene kale anali otchipa, omwe oimba ankapezamo zipinda zapansi, tsopano akumangidwa nyumba zogona za anthu a ndalama. Wogula nyumba pafupi ndi malo a nyimbo amayamba kudandaula za phokoso limene analipeza, ndipo malo ambiri ang'onoang'ono a ku London anatsekedwa m'njira zonga imeneyi, kuphatikizapo kukwera kwa lendi. Mu 2018 England inaika m'ndondomeko yake ya zomangamanga mfundo yoti wobwera pambuyo ndiye asenze udindo. Womanga nyumba zogona pafupi ndi malo a nyimbo amene analipo kale ayenera kulipira yekha makoma ndi mawindo otseka phokoso.

Gerrard Street lero ndi mtima wa Chinatown ya London, yodzaza nyali zamapepala zofiira ndi abakha owotcha olendewera m'mawindo a malesitilanti. Pakhoma la nambala 39, pamwamba pa chipinda chimene madalaivala a matakisi ankamweramo tiyi, bungwe la English Heritage linakhomapo chikwangwani chake chozungulira cha buluu mu 2019, patatha zaka 60 chitsegulireni. Kuchoka pamenepo kukafika pakhomo la ku Frith Street ndi ulendo wa mphindi zochepa wapansi, kungowoloka msewu wa Shaftesbury Avenue.